Zidole zokha sizilera mwana: Phunziro la sukulu za mkombaphala ku Dedza

Kuyambira m'chaka cha 2024, pa 11 June maiko amakumbukira tsiku la masewero a ana, potsatira chigamulo cha bungwe la United Nations. Ku Dedza tsikuli limagwa mkati mwa chisanu, pamene nkhungu imakuta Bembeke, Chongoni ndi phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera. Ngakhale kuzizire chotere, miyezi imeneyi ndiyo yabwino kwa sukulu za mkombaphala za m'midzi. Chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, phala limaphikidwa, ndipo ana amasonkhana m'mawa uliwonse kudzaimba, kuumba dothi ndi kuthamangitsana.

Mayeso enieni a sukuluzi amabwera mu January ndi February. Ufa ukatha m'makomo makolo amaleka kusonkha, mlezi amapita kumunda kwake kapena kuganyu, ndipo pabwalo la sukulu pamamera udzu. Izi zakhala zikuchitika chaka ndi chaka. Komabe nkhani ya ana aang'ono ikafika pamisonkhano, zimene zimaomberedwa m'manja ndi nyumba zatsopano, makatungwe ndi mabokosi a zidole.

Dedza ili ndi chonena pankhaniyi. Ndi limodzi mwa maboma ochepa kumene akatswiri adafufuza mosamala chomwe chimathandizadi mwana m'sukuluzi. Zomwe adapeza n'zoyenera kuti aliyense amene akuikapo ndalama kapena mphamvu zake azidziwe: zidole zidafika paliponse, koma ana adaposa anzawo pokhapokha pamene mlezi ndi kholo onse adaphunzitsidwa kusewera ndi kucheza ndi mwana.

Sukulu ya mudzi

Sukuluzi, zomwe m'maofesi amazitcha ma CBCC, si za boma ngati za pulaimale. Mwini wake ndi mudzi. Mfumu imapereka malo, makolo amaumba njerwa ndi kusonkha chimanga, komiti ya m'mudzi imayendetsa zinthu, ndipo alezi ake ndi amayi, ndi abambo owerengeka, ongodzipereka. Zina zili m'manja mwa mipingo, zina mwa timabungwe ta m'madera. Pali zokhala ndi nyumba yakeyake, pali zobwereka tchalitchi, ndipo zina zimakumana pansi pa mtengo. Ana a zaka 3 mpaka 5 amafika m'mawa n'kuweruka nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Ntchito yosonkhanitsa ana aang'ono idayambira m'tauni. Bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi, lomwe lero likutchedwa AECDM, lidakhazikitsidwa mu 1970, ndipo dzina lake lomwelo lidali kunena za magulu a ana osewera. Kumidzi ntchitoyi idafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pomwe boma ndi UNICEF ankafuna njira yochepetsera kunyentchera kwa ana. Mliri wa Edzi utakula m'zaka za m'ma 1990, midzi yambiri idatsegula malo oterewa kuti ana amasiye apezepo phala ndi wowayang'anira. Ndondomeko yoyamba ya boma yokhudza kakulidwe ka ana aang'ono idatuluka mu 2003, ndipo ina yokonzedwanso idadza mu 2017. Mawu akuti mmera mpoyamba adasanduka dzina la ntchito yonseyi.

Mbiriyi ikufotokoza zambiri za lero. Sukuluzi zidabadwa ngati thandizo la pangozi, lodalira chifundo cha anthu osauka kwa osauka anzawo. Pang'onopang'ono dziko lidazisenzetsa udindo wina waukulu, wokonzekeretsa mwana sukulu, koma silidasinthe maziko ake. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la maiko onse la ufulu wa ana mu 1991, ndipo gawo 31 la panganolo limati mwana ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera. Kumudzi amene akuteteza ufuluwo ndi mayi wosalandira malipiro.

Zomwe ofufuza adapeza

Mu 2011 akatswiri a Banki Yaikulu Padziko Lonse, mogwirizana ndi boma, adayamba kafukufuku m'maboma anayi: Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Phunziro loyamba adalipeza ntchito yeniyeni isanayambe. Kaundula wa boma adali ndi sukulu 690 m'mabomawa, koma ofufuzawo atayendera malowo adapeza kuti pafupifupi theka lokha ndilo linkagwira ntchito. Chifukwa chomwe chinkatchulidwa kwambiri chidali kusowa kwa chakudya.

Kenako adatenga sukulu 199 n'kuzigawa m'magulu anayi mwamaere. Zonse zidalandira zipangizo zosewerera ndi zophunzirira. Gulu loyamba lidalekera pomwepo. M'gulu lachiwiri alezi adaphunzitsidwa kwa milungu isanu ndi kumayenderedwa ndi owalangiza. M'gulu lachitatu alezi adalandira maphunziro omwewo kuonjezapo kandalama kapamwezi kwa miyezi yowerengeka. M'gulu lachinayi alezi adaphunzitsidwa, ndipo makolo nawo ankakumana m'magulu kuphunzira zochita ndi ana awo kunyumba: kuwayankhula, kuwafotokozera nthano, kuwaimbira ndi kusewera nawo.

Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018 motsogozedwa ndi Berk Özler. Maphunziro a alezi adasinthadi kachitidwe ka zinthu m'kalasi, koma kusinthako pakokha sikudaonekere mwa ana. Patatha miyezi 18, ana okhawo a gulu lachinayi ndiwo adaposa anzawo pa luso la chiyankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo. Patatha miyezi 36, ambiri a iwo ali ku pulaimale, kusiyanako kudali kutazilala.

Pali mfundo zitatu apa. Sukulu yotsekedwa sithandiza aliyense. Yotseguka imathandiza kwenikweni ngati zochitika kumeneko zikupitirira kunyumba. Ndipo phindu lomwe mwana wapeza litha kutayika ngati komwe akupita kulibe wolisamala.

Kusewera ndi ntchito ya mwana

Kufunika kwa kholo sikudabwitsa akatswiri. Mu 1986 ndi 1987 ku Kingston m'dziko la Jamaica, gulu lotsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor lidatenga ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa iwo ankayenderedwa kunyumba kamodzi pamlungu kwa zaka ziwiri ndi alangizi a zaumoyo, omwe ankaonetsa amayi kusewera ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, ana amene adayenderedwawo ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi 25 pa 100 iliyonse. Amene adangolandira chakudya choonjezera, popanda masewerowo, sadaonetse phindu lokhalitsa chotero.

Chifukwa chake n'chomveka. Ubongo wa munthu umakula mofulumira kwambiri m'zaka zoyambirira, ndipo umakula poyankhana ndi anthu. Khanda likatulutsa mawu mayi n'kuliyankha, likaloza nkhuku bambo n'kuitchula dzina, pamenepo ndi pomwe chiyankhulo chikumangidwa. Magazini ya zaumoyo ya The Lancet idayerekeza mu 2016 kuti ana 250 miliyoni osakwana zaka zisanu m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene ali pachiopsezo chosakula mokwanira m'nzeru ndi m'thupi, makamaka kaamba ka umphawi ndi kupinimbira.

Mudzi wa Chichewa kapena wa Chingoni ku Dedza sufunika kuitanitsa masewero kunja. Pamasanje ana amagawana maudindo, amakangana za amene akhale bambo, amaphika nsima ya dothi n'kuyankhula ngati akulu, ndipo m'menemo amaphunzira mawu, kudikira ndi kugwirizana. Phada amaphunzitsa kuwerenga ndi kulondolera dzanja ndi diso. Mwana woumba ng'ombe ndi dothi la kudambo akulimbitsa zala zomwe mawa zidzagwire pensulo, ndipo dothi ku Dedza, boma lodziwika ndi zoumbaumba, silisowa. Galimoto ya mawaya imafuna kuyeza ndi kukonza cholakwika. Ndagi ndi nthano za madzulo zimanola kumvetsera ndi kukumbukira. Zisononkho za chimanga, zitsekerero za mabotolo, nyemba ndi timiyala n'zokwanira kuphunzitsa mwana kusanja zinthu ndi kuziwerenga.

Vuto ndi lakuti ambiri saona izi ngati maphunziro. Kholo lomwe lasonkha chimanga limafuna kumva mwana akulakatula zilembo, masiku a pamlungu ndi miyezi ya pachaka m'Chingerezi. Mlezi wosaphunzitsidwa amachita zomwe makolo akufuna, ndiponso zomwe iye mwini adaona ali ku pulaimale: kuimika ana pamzere n'kumabwereza mawu omwe sakuwamvetsa. Bokosi la zidole limatsekeredwa kuti lisaonongeke, n'kumatulutsidwa pakabwera alendo. Okhala m'tauni asaganize kuti matendawa ndi a kumudzi kokha. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli sukulu zolipira zomwe zimapatsa mwana wa zaka zitatu ntchito yokalemba kunyumba, makolo n'kumakondwa kuti ndalama yawo ikugwira ntchito.

Palinso ana amene sukuluzi siziwafikira n'komwe, osakwana zaka zitatu. Kumapiri a Dedza ulimi supuma. Dzinja likatha anthu amatsikira kudimba, ndipo mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi zimafuna kuthirira, kukolola ndi kunyamulira kumsewu wa M1. Ena amadutsa malire kukagwira ganyu ku Angónia m'dziko la Mozambique. Khanda limakhala kumbuyo kwa mayi wotanganidwa tsiku lonse, kapena limasiyidwa ndi mkulu wake amene nayenso ndi mwana. Palibe kholo loipa pamenepa. Chimene chikusowa ndi womuuza kuti kucheza ndi mwana uku akupalira kapena kusenda nyemba ndi chakudya cha ubongo, ndiponso kuti bambo naye ali ndi gawo.

Mphika wa phala

Boma la Dedza, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 830,512, limadyetsa misika ya Lilongwe ndi madera ena. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana oposa 40 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'bomali adali opinimbira, pomwe m'dziko lonse adali 37. Zokolola zabwino zimapita kumsika, ndipo mwana amatsala ndi nsima ndi ndiwo zamasamba.

Mwana wanjala sasewera. Amakhala duu, kapena safika n'komwe. N'chifukwa chake phala la chimanga ndi soya kapena nsinjiro ndilo limasunga sukulu ya mkombaphala. Likasowa, ana amayamba kujomba mmodzimmodzi mpaka mlezi amatsala yekha.

Njira yotetezera mphikawo idayesedwa kale m'dziko muno. Ku Zomba, bungwe la Save the Children ndi ofufuza a IFPRI adagwira ntchito ndi sukulu 60. M'sukulu zina makolo adalandira mbewu za zakudya zopatsa thanzi, adaphunzitsidwa kulima munda wa sukulu ndi kuphika zakudya zakasinthasintha. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2018 zidaonetsa kuti ana adayamba kudya bwino, ndipo kupinimbira kudachepa pakati pa ang'ono awo a miyezi 6 mpaka 24 omwe sankapita n'komwe kusukuluko. Zomwe mayi adaphunzira kumunda wa sukulu adapita nazo kunyumba. Ku Dedza, komwe nyemba, soya ndi ndiwo zamasamba zimachita bwino, njirayi ndi yotheka.

Zaka zapitazi zaonetsa kuopsa kodalira chakudya chochokera kwina. Mu November 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo ya feteleza ndi zakudya n'kukwera. Mu March 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi kaamba ka ng'amba ya El Niño. Mu January 2025 dziko la America lidaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo ntchito zochuluka za zaumoyo ndi kadyedwe zidakhudzidwa. Pa zonsezi, sukulu yomwe ili ndi munda wake ndi nkhokwe yake ili ndi mwayi woposa yodikira galimoto ya bungwe.

Mlezi wongodzipereka

Ku Bembeke kuli koleji ya St Joseph, komwe mphunzitsi wa pulaimale amasulidwa kwa zaka ziwiri asanapatsidwe kalasi. Mlezi wa m'mudzi woyandikana ndi kolejiyo, amene amalandira mwana pamsinkhu wovuta kwambiri, maphunziro ake oyambira akhala a milungu iwiri, ndipo ambiri ngakhale amenewo sadawaone.

M'ndondomeko ya chuma ya 2021/22 boma lidayamba kupereka kangachepe pamwezi kwa alezi 2,000 okhala ndi satifiketi. Kudali kuyamba kwabwino, koma alezi m'dziko muno ndi oposa 30,000. Otsalawo amalipidwa ndi mawu othokoza, mwina ndi sopo kapena kandowa ka chimanga makolo akakolola bwino. Mlezi wotere akapeza ganyu, akakwatiwa kwina kapena akatopa amachoka, ndipo maphunziro omwe bungwe lidamulipirira amachoka naye.

Wina atha kunena kuti kafukufuku wa m'maboma anayi uja sadapeze kusintha mwa ana a gulu lomwe alezi ake ankalandira ndalama. N'zoona, ndipo zikusonyeza kuti ndalama payokha simphunzitsa munthu kulera. Koma ndalamayo idali yochepa ndi ya miyezi yowerengeka. Funso lomwe malipiro amayankha ndi lina: kodi mlezi waluso adzakhala akadalipo patatha zaka zisanu? Dziko silingamange ntchito yokhazikika pa anthu omwe mu January ayenera kusankha pakati pa ana a eni ndi munda wodyetsa ana awo.

Mabungwe akunja athandiza kwambiri. Kuyambira 2011 bungwe la katswiri wa tenesi Roger Federer lidagwira ntchito ndi ActionAid Malawi kumanga sukulu zachitsanzo ndi kuphunzitsa alezi m'maboma angapo, ndipo Federer mwini adafika m'dziko muno mu 2015. Mu 2018 Banki Yaikulu Padziko Lonse idavomereza ndalama zokwana 60 miliyoni ya America za ntchito ya kadyedwe ndi kakulidwe ka ana m'maboma 13. Koma ntchito iliyonse yotere ili ndi tsiku lothera ndi malire a dera. Ikatha, amatsala ndi mudzi womwe uja ndi mlezi yemwe uja.

Chimachitika ku Sitandade 1

Kuzilala kwa phindu patatha miyezi 36 ndiko koyenera kudetsa nkhawa Unduna wa Zamaphunziro. Chimodzi chomwe chingafotokoze izi ndi momwe mwana amalandiridwira ku pulaimale. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi oyambirira akhala odzaza, ndipo si zachilendo kupeza ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi mu Sitandade 1. Mwana amene adazolowera kufunsa, kugwira zinthu ndi kuyankhidwa amafika pomwe ntchito yake ndi kukhala chete pansi n'kubwereza zomwe wamva. Ambiri amabwereza kalasi.

Boma lakhala likukamba zoyambitsa kalasi yokonzekera m'sukulu za pulaimale. Ganizoli lili ndi ubwino wake, chifukwa likhoza kufikira ana ambiri ndi aphunzitsi olipidwa. Lilinso ndi zoopsa ziwiri. Kalasiyo itha kungosanduka Sitandade 1 yoyamba msanga, ya bolodi ndi choko, yopanda masewero. Ndipo chidwi chonse chikapita kumeneko, ana a zaka 3 ndi 4 ndi makanda atha kuiwalika m'midzi. Koleji ngati ya Bembeke ndi malo oyenera kuyambira: mphunzitsi wa makalasi oyambirira atuluke akudziwa kuphunzitsa kuwerenga ndi nyimbo, nthano ndi timiyala.

Udindo uli pafupi

Zambiri zofunika sizidikira Likulu. Khonsolo ya Dedza ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera ndiwo amasankha zolowa m'mapulani a boma laling'ono. Ndalama za thumba la CDF kawirikawiri zimapita ku milatho ndi midadada ya sukulu, zinthu zooneka ndi maso. Denga, chimbudzi ndi mjigo pasukulu ya mkombaphala nazo ndi chitukuko, ndipo phungu kapena khansala ayenera kufunsidwa kuti m'dera lake sukuluzi zilipo zingati ndipo zotseguka ndi zingati.

Mafumu ali ndi mphamvu yomwe boma lilibe. Inkosi Theresa Kachindamoto ya m'boma lomweli idadziwika padziko lonse pothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu, pogwiritsa ntchito malamulo a m'dera ndi mafumu ake aang'ono. Mphamvu yomweyo m'madera a Kaphuka, Kasumbu, Kachere ndi Kamenyagwaza itha kupatula munda wa sukulu, kukhazikitsa kuti chimanga cha phala chizisonkhedwa mu May ndi June nkhokwe zikadali zodzaza, ndi kumasula alezi ku ntchito zina za chitukuko cha m'mudzi.

Njira zofikira makolo ziliponso kale. Amayi amakumana kusikelo mwezi uliwonse. Alangizi a zaumoyo amayenda m'midzi. Magulu a banki m'khonde amasonkhana mlungu ndi mlungu, ndipo mipingo ili ndi magulu a amayi ndi a abambo. Kuonjezera mphindi zochepa zoonetsa kholo kusewera ndi mwana pamisonkhano yotere sikufuna nyumba yatsopano.

Mabungwe achifundo ndi anthu akufuna kwabwino, kuphatikizapo ana a ku Dedza omwe ali pantchito m'tauni ndi ku Johannesburg, nawo asinthe funso. Bokosi la zidole ndi losavuta kugula, kujambula ndi kuika pa Facebook. Ndalama yomweyo ikhoza kugula mbewu ya soya ya munda wa sukulu, kulipirira mlezi maphunziro, kapena kuchititsa misonkhano ya makolo kwa chaka. Umboni wa ku Dedza, ku Zomba ndi ku Jamaica ukuloza kumeneko.

Amene akufuna kudziwa ngati ntchito ya mmera mpoyamba ikuyenda m'boma la Dedza asapite pa 11 June, pomwe ana avala bwino ndipo alendo akhala pamipando. Apite m'mawa wa tsiku wamba mu February, osalengeza, akaone ngati pamoto pali mphika, ngati mlezi wa chaka chatha akadalipo, ndiponso ngati ana akusewera.